Kodi Facebook idalemera ndi ndalama za yani?

Ambiri timadabwa kuti kampani yomwe sitiilipira ngakhale tambala imodzi ili ndi chuma chosaneneka. Ine ndikuti tisadabwe, abale. Katundu amene akugulitsidwa pamsika umenewu ndi ifeyo.

Mark Zuckerberg adayambitsa Facebook mu 2004 ali wophunzira pa yunivesite ya Harvard ku Amerika, kenaka sukulu adaisiyira panjira. Pofika 2012 anthu oigwiritsa ntchito anali atakwana 1 biliyoni. Nanga ndalama zimachokera kuti? Pafupifupi zonse n'za otsatsa malonda. Kampaniyi imasunga zaka zanu, komwe mumakhala ndi zomwe mumakonda, ndipo amalonda amalipira kuti uthenga wao ukupezeni inuyo. Mu 2018 zidaululika kuti kampani ya Cambridge Analytica idatenga mbiri za anthu mamiliyoni ambiri popanda chilolezo chao, n'cholinga chokopera anthu pa zisankho. Akulu adati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti wamkulu akumeza ang'onoang'ono. Mu 2012 Facebook idagula Instagram, kampani ya antchito 13 okha, pamtengo wa madola 1 biliyoni. Mu 2014 idagulanso WhatsApp pa madola 19 biliyoni. Tsono tikakhumudwa ndi Facebook n'kuthawira ku WhatsApp, tathawira kwa yani? Kwa bwana yemweyo!

Sindikunena kuti tileke kucheza ndi abale athu a ku London kapena ku Johannesburg. Koma maboma asamalole makampani otere kugula opikisana nao, ndipo akhazikitse malamulo okhwima oti mbiri ya munthu isagulitsidwe mwini wake asanavomere.