Owerenga Amene Anakana Kuti Nkhani Ithe

M'chaka cha 1893 mlembi wa ku Britain, Arthur Conan Doyle, atatopa naye Sherlock Holmes, mpangankhani amene anam'bweretsera chuma ndi ulemu koma nam'landa nthawi yolembera mabuku ena amene iye ankawayesa opambana, anatsimikiza mtima kumuchotsa padziko, ndipo anam'gwetsera m'mathithi a Reichenbach ku Switzerland pamodzi ndi mdani wake Moriarty, poyesa kuti mwini nkhani akatseka chitseko palibenso wina angachitsegule. Koma owerenga anadandaula kolimba, makalata awo nakhala akufika osaleka, kufikira kuti mu 1901 mlembiyo anayamba kutulutsa nkhani ina ya Holmes, ndipo mu 1903 anamuukitsa ndithu, nafotokoza kuti sanafe m'mathithi muja. Pamenepo panaoneka poyera chinthu chimene ambiri a ife timachidziwa mumtima ngakhale sitichinena: nkhani ikakondedwa imamanga nyumba m'mitima ya oimva, ndipo iwo saloleranso kuti munthu mmodzi yekha, ngakhale amene anaibala, alamule tsiku la imfa yake.

Ndayamba ndi zakalezi chifukwa cha dandaulo limene lili pakamwa pa makolo ndi aphunzitsi ambiri lero, lakuti ana athu atha maso pa foni, ndipo usiku, pamene anzawo agona, iwo ali gada pamphasa kuwerenga ndi kulemba zinthu zopanda mutu. Sindikana kuti pa foni pali zachabe zambiri. Koma pakati pa achinyamatawo alipo ena amene alowa m'magulu a owerenga olemba nkhani zotchedwa fan fiction, ndizo nkhani zimene munthu amapeka potenga ampangankhani a m'buku, mufilimu kapena m'sewero limene analikonda, nawapatsa masiku ena amene mwini wake sanawapatse. Ndikufuna kunena mosabisa kuti magulu amenewa ndi sukulu yeniyeni ya kalembedwe, mwina yotakasuka kuposa zonse zimene dziko lakhala nazo, ndi kuti moyo wake wonse wagona pa chinthu chimodzi chokha: wowerenga kuyankha wolemba.

Mwambowu ndi wakale kuposa intaneti. Mu 1967, ku America, okonda sewero la pa kanema la Star Trek anatulutsa kamagazini kotchedwa Spockanalia, ndipo pambuyo pake tinatuluka tina tambirimbiri, totayipidwa pamanja, tochulukitsidwa pa makina a m'maofesi, totumizidwa pa positi kwa anthu amene sanaonanepo maso ndi maso. Ndipo ambiri mwa ogwira ntchito yolemetsayi anali akazi, amene osindikiza mabuku a nthawi imeneyo sankawawerengera kwenikweni. Intaneti itafika, mu 1998 kunatsegulidwa FanFiction.Net, ndipo mu 2006 Allen Lau ndi Ivan Yuen anayambitsa Wattpad mumzinda wa Toronto, kuti anthu aziwerenga ndi kulemba pa foni. Koma chaka chimene chiyenera kukumbukiridwa ndi 2007, pakuti m'chaka chimenecho kampani yotchedwa FanLib inafuna kupanga malonda ndi nkhani zimene anthu ankalemba mwaulere, ndiponso LiveJournal, kumene olemba ambiri ankasonkhana, inafafaniza mazanamazana a masamba awo popanda kuwachenjeza. Olembawo, poona kuti akhala ngati alendo m'nyumba ya eni, otulutsidwa tsiku lililonse limene mwini nyumba wafuna, anamvera mawu a mlembi Naomi Novik ndi anzake, nakhazikitsa bungwe la Organization for Transformative Works, limene mu 2009 linatsegulira anthu nkhokwe yawoyawo yotchedwa Archive of Our Own. Nkhokwe imeneyi ilibe zotsatsa malonda, imayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka ndi ndalama zimene owerenga amasonkha, ili ndi nkhani zoposa 10 miliyoni, ndipo mu 2019 inalandira mphoto ya Hugo, imene ili yolemekezeka kwambiri pakati pa olemba nkhani zopeka za sayansi. Indetu mutu umodzi susenza denga.

Amene sanalowemo aone m'maganizo mwake momwe tsamba limodzi la m'nkhokwe imeneyi limaonekera. Pamwamba pali dzina la nkhani ndi dzina la wolemba, limene kawirikawiri sili lake lobadwa nalo. Pansi pake pali chizindikiro chonena msinkhu wa oyenera kuwerenga, ndi machenjezo ngati m'nkhanimo muli imfa ya mpangankhani wamkulu kapena chiwawa. Kenaka pali mawu aafupiafupi amene wolemba waika kuti wofufuza apeze chimene mtima wake ukufuna, ndipo kuseri kuli anthu odzipereka amene ntchito yawo ndi kusanja mawu amenewo kuti ofanana akhale pamodzi. Chimene chimandikhudza koposa ndi kachiwerengero ka mitu ya nkhani, kamene nthawi zambiri kamalembedwa motere: 7/? Ndiye kuti mitu 7 yalembedwa, koma mitu yonse idzakhala ingati, wolembayo sanadziwe. Akulemba pamaso pa anthu, ali paulendo, ndipo ngati adzafike kumapeto kapena adzalefukira panjira, mbali yaikulu ya yankho ili m'manja mwa amene akuwerenga. Pansi penipeni pa tsambalo pali kabatani kothokozera, kamene munthu amakadina kamodzi kokha pa nkhani iliyonse, ndi malo olembamo ndemanga.

Ife Achewa sitiyenera kuvutika kumvetsa zimenezi, pakuti agogo athu akayamba nthano madzulo ndi kunena kuti padangokhala, ankadikira kuti ana avomere kuti tili tonse, ndipo kuvomerako kukazilala, ankadziwa kuti ana agona, nthano nithera pomwepo. Kalulu wa m'nthanozo analibe mwini: wa ku Dowa ankam'simba mwina, wa ku Chipata mwina, wa ku Angonia mwina, aliyense kuwonjezapo nyimbo kapena tsoka latsopano, ndipo panalibe wonena kuti mnzake waba. Chomwecho wolemba wa m'magulu awa, amene salandira ngakhale tambala, amene mwina walemba mutu wake wachisanu ndi chiwiri ataweruka kuntchito kapena atatha homuweki, pa foni yosweka galasi ndi bandulo ya usiku, malipiro ake onse ndi mawu a munthu wosam'dziwa wonena kuti chiganizo chakutichakuti chinam'gwetsa misozi, kapena wofunsa chifukwa chimene mpangankhani uja sanayankhire mayi ake. Wowerenga amene amadya nkhani zamitu makumimakumi, sabata ndi sabata, osasiyapo ngakhale liwu limodzi, ali ndi ngongole, ndipo ndikunena motsindika kuti nkhani zambiri zabwino zimene zinaima pakati zinaphedwa ndi anthu amene ankazikonda ali chete.

Ndemanga yokha siikwanira kupanga mlembi, ndipo apa ndi pamene magulu awa apambana sukulu zathu zambiri. Muli mwambo wakuti wolemba, asanaonetse nkhani yake kwa onse, amaipereka kwa mnzake amene amatchedwa beta reader, amene amaiwerenga mofatsa, nakonza zilembo, naloza pamene nthawi yasokonekera, nanena mosaopa kuti munthu uyu, monga tim'dziwira m'buku lenileni, sangayankhule mawu otere. Ganizirani mwana wa Fomu 3 amene chimangirizo chake chimabwerako ndi malikisi ofiira okha, popeza mphunzitsi ali ndi makope ochuluka koposa mphamvu zake; mwana yemweyo m'gulu lotere apeza munthu wom'werengera mzere ndi mzere, mwaulere, ndi kum'dikira kuti alembenso. M'mera mpoyamba. Wophunzira kulemba amapepukidwa akapeza ampangankhani opangidwa kale ndi dziko loyalidwa kale, pakuti mphamvu zake zonse zimapita pa kuphunzira kukambitsa anthu, kuutsa chidwi ndi kutseka mutu pamalo pake; ndipo ena amene anayambira m'menemo, monga Novik yemweyo ndi Cassandra Clare, lero mabuku awoawo akuwerengedwa m'maiko ambiri.

Tsono alipo onena kuti zonsezi ndi kuba, ndipo mawu awo sayenera kunyozedwa, pakuti ena mwa iwo ndi alembi amene anakhetsa thukuta. Anne Rice anakaniza kwa zaka zambiri kuti anthu alembe za ampangankhani ake, ndipo George R. R. Martin wanena poyera kuti mchitidwewu saukonda. Mlembi wamoyo akapempha chotero, ulemu ufuna kuti amveredwe. Komabe kubwereka ampangankhani sikunayambe ndi ana a pa foni. Mu 1966 Jean Rhys, wobadwira pa chilumba cha Dominica, anatulutsa Wide Sargasso Sea, m'mene anatenga mkazi wamisala wotsekeredwa m'chipinda chapamwamba m'buku la Charlotte Brontë la mu 1847, Jane Eyre, mkazi wa ku zilumba za Caribbean amene m'buku loyambalo sapatsidwa mpata wodzinenera, nam'patsa ubwana, dziko ndi liwu. Ndipo lero bukulo limaphunzitsidwa m'mayunivesite. Ife amene makolo athu anaonekera m'mabuku a azungu ngati onyamula katundu opanda maina tiyenera kukhala oyamba kuzindikira kufunika kwa wowerenga amene amafunsa kuti, nanga uyu amene sanayankhule, akadanena chiyani?

Malire enieni, monga ndionera ine, ali pa ndalama. Wolemba wa m'magulu awa amatchula poyera mwini wa ampangankhani ndipo sagulitsa chimene walemba. Ndicho chikhalitsa mtendere pakati pa iye ndi mwini buku. Pamene E. L. James anatenga nkhani imene anailemba poyamba ndi ampangankhani a m'buku la Twilight, nasintha maina, naitulutsa mu 2011 monga Fifty Shades of Grey, ambiri m'magulumo anawawidwa mtima, poona kuti chimene chinaleredwa ndi ndemanga zaulere za anthu ambiri chasanduka chuma cha munthu mmodzi. Ndipo pamene kampani ya ku South Korea ya Naver inagula Wattpad mu 2021 pa mtengo woposa madola 600 miliyoni, chimene inagula kwenikweni ndi khamu la olemba ndi owerenga amene ambiri a iwo sanalandirepo kanthu. Wachinyamata aliyense woika nkhani yake pamalo otere adziwe mwini malowo, ndipo asunge kope lake pena.

Zoopsa zina ndi zoonekeratu, ndipo sindizichepetsa. Muli nkhani za akuluakulu zokhazokha, zina zolaula ndithu, ndipo ngakhale zili ndi zizindikiro zake, chizindikiro sichitseka maso a mwana. Kholo lichita bwino kukhala pansi ndi mwana wake ndi kuphunzira naye tanthauzo la zizindikirozo, kusiyana ndi kulanda foni, imene mawa adzabwereka kwa mnzake. Mulinso nkhanza za gulu, pamene okonda chinthu chimodzi agawikana naukirana. Mu February 2020, mkangano wa otsatira katswiri wa mafilimu wa ku China Xiao Zhan pa nkhani ina yolembedwa za iye unafika poti ena anakanena kwa akuluakulu a boma, ndipo Archive of Our Own inatsekedwa m'dziko lonse la China, olemba osawerengeka amene sanalakwe kanthu nataya malo awo. Wofuna kulanga mnzake mmodzi anagwetsa denga pa onse.

Chimene ndilakalaka ndi chakuti mwambo uwu wa kuyankhana ndi kukonzerana ulowe m'Chichewa. Ku Nigeria alembi a Chihausa, amene mabuku awo achikondi akhala akugulitsidwa m'misika ya ku Kano kuyambira m'zaka za m'ma 1980, lero amafalitsanso nkhani zawo pa Wattpad ndi pa WhatsApp m'chiyankhulo chawo, osachita nacho manyazi. Kwathu kuno njala ya nkhani ilipo, ndipo aliyense woona momwe anthu amadikirira gawo lotsatira la nkhani za Chichewa pa Facebook, kapena momwe sewero la Tikuferanji lakhalira pakamwa pa anthu kwa zaka zambiri, sangakayike; chosowa ndi osindikiza ofuna buku losakhala la pa silabasi, ndiponso akonzi. Tili ndi chuma chobwerekako: Kalulu ndi Fisi alibe mwini woti tim'pemphe, ndipo mwana amene wawerenga Nthondo wa Samuel Josia Ntara, buku la mu 1933, kapena Sikusinja ndi Gwenembe wa John Gwengwe, nafunsa mumtima za munthu wina wa m'mbali mwa nkhaniyo, wayamba kale kulemba ngakhale asanagwire cholembera; koma akalemba, atchule mwini buku mwaulemu, asagulitse, ndipo ngati mlembi ali moyo kapena banja lake lilipo, awamvere. M'midzi ndi m'matauni mwathu muli aphunzitsi a Chichewa opuma pantchito, odziwa malamulo a kalembedwe ndi kukoma kwa mwambi woikidwa pamalo pake, ndipo ambiri a iwo ali ndi foni m'thumba. Mmodzi wa iwo atalandira mutu umodzi pa sabata kuchokera kwa mtsikana wa ku Ndirande kapena mnyamata wa ku Mchinji wokhala ku Johannesburg, naubweza ataukonza ndi kufunsa kuti wotsatira ufika liti, angachite ntchito imene osindikiza mabuku athu sanathe kuichita.