Kuzizira si chifukwa chogonera

June akafika, mabwalo a zamasewero ku Dedza ndi ku Ntcheu amangoti pululu m'mawa. Achinyamata othamanga ali m'bulangete, ati kunja kukuzizira.

Komatu Emil Zátopek wa ku Czechoslovakia ankachita zokonzekera ngakhale m'chipale chofewa. Ankathamanga mamita 400 mwaliwiro, kupumako pang'ono, n'kubwereza kambirimbiri. Mu 1952 adapata mendulo zitatu za golide ku Helsinki.

Choopsa n'kuyamba ndi liwiro thupi lisanatenthe, chifukwa minofu yozizira sichedwa kuvulala. Mwana ayambe wathamanga pang'onopang'ono kwa mphindi 15 atavala juzi. Popuma asangoima, aziyendayenda.

Makolo, m'malo momuletsa, mudzutseni, mum'patse juzi, ndipo pobwera apeze tiyi wotentha.