Ofesi ya a Guidance Si Nkhokwe ya Mapepala

Acinyamata anzanga, ndiyankheni mosabisa. Kodi munalowamo liti komaliza mu ofesi ya a Guidance pasukulu panu, ndipo munapita kukatani? Ndikhulupilila kuti ambili muyankha cimodzimodzi: kukaona ngati dzina analilemba bwino pa mndandanda wa mayeso, kapena kukatenga pepala la zotsatila za Giledi 12. Ena cipinda cimeneci mumacidziwa monga malo amene munthu amaitanidwako akalakwa.

Ine ndikuti zimenezi n'zolakwika. Mlandu sindiuika pa mphunzitsi amene akhala m'cipindamo ai. Ndiuika pa ahedi ndi aciwili awo, pakuti ndiwo amene amagawa nchito pasukulu.

Taonani mmene zimakhalila. Mphunzitsi wa uphungu nthawi zambili amaphunzitsanso m'kalasi monga anzake onse. Ali ndi mapiliyodi ake a Masamu kapena Cingelezi, ali ndi mulu wa mabuku oti aconge. Pamwamba pa izo amamusenzetsa nchito ya mayeso a Examinations Council of Zambia: kulembetsa maina, kukonza olakwika, kusunga ziphaso za amene anamaliza kale. Mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipilo a sukulu mpaka Giledi 12, ndipo ana anadzaza m'makalasi. Caka comweco linalemba aphunzitsi atsopano oposa 30,000. Zonsezi tiyamika. Koma ndi ahedi angati amene anati, "Popeza talandila aphunzitsi ena, tiwacepetsele mapiliyodi a Guidance kuti apeze nthawi yomvela ana"? Ana aculuka, koma khutu likali limodzi lomwe lija, ndipo nalonso latsekeka ndi mapepala.

M'kwaya yathu munali mtsikana wina wa Giledi 11, wanzelu kwambili pa Sayansi. Anatenga pakati. Anapita kawili kukafuna a Guidance. Ulendo woyamba anapeza ali m'kalasi. Ulendo waciwili anawapeza, koma ofesiyo inali kona cabe ya cipinda ca aphunzitsi, ndipo aphunzitsi atatu anali pomwepo kumwa tiyi. Kodi nkhani yotele munthu angaiyambe bwanji pamaso pa anthu? Anapeleka moni, nabwelela. Sabata yotsatila anangoleka kupita kusukulu, ndipo palibe anamulondola kunyumba. Palibe anamuuza kuti kuyambila 1997 dziko lino lili ndi ndondomeko yolola mtsikana kupatsidwa chuti, kukabeleka, ndi kubwelela kudzamaliza maphunzilo. Anadzamva zimenezi kwa mai wina wa mumpingo, mwana ali kale ndi zaka zitatu.

Ndidziwa kuti ena anena kale mumtima kuti, "Kodi si kulimbikitsa ciwelewele kumeneko?" Iai. Chimo ndi chimo, ndipo pa misonkhano yathu sitileka kulinena. Koma amene anamupatsa pakatiyo anamaliza sukulu yake popanda womufunsa. Ndipo tinene zoona ngakhale zitiwawe: masukulu ena a mishoni ndiwo anauma khosi kwambili pa ndondomeko imeneyi, ena kumangomupezela mtsikana malo kwina kuti dzina la sukulu lisade. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kodi mwambi umenewu umatha mphamvu mwana akalakwa?

Nkhani si ya pakati yokha. Lamulo la Maphunzilo la 2011 liletsa kukwatitsa mwana wa sukulu, ndipo mu 2023 lamulo la ukwati linasinthidwa kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ukhale wosaloledwa, ngakhale ukhale wa mwambo. Lamulo lilipo, koma silidziyendela lokha kupita kumudzi. Mtsikana amene amalume ake alandila kale ndalama adzalimva kwa yani, ngati ahedi angofufuta dzina lake m'kaundula n'kunena kuti "anasiya yekha"?

Lamulo lomwelo la 2011 liletsanso kukwapula ana. Ahedi ena mpaka lelo akali kulila malilo a cikoti, ati ana a masiku ano samva. Ndiwafunse: mutacotsa cikoti, munaikapo ciani? Mnyamata akagwidwa ndi camba, amamupatsa khasu kuti akumbe dzenje, kapena amamuthamangitsa kwa milungu iwili. Milungu iwiliyo amakaithela kuti? Kwa yemwe uja anamugulitsa cambaco. Palibe amene amakhala naye pansi kuti amve kuti kunyumba atate anamwalila, kapena kuti amagona ndi njala. Imeneyo ndiyo nchito ya phungu, ndipo siigwilika m'mphindi zisanu za buleki.

Palinso kutaika kwina kosamveka phokoso. Mwana amafika kumapeto kwa Giledi 12 ndiye n'kumva kuti unamwino ufuna kuti munthu akhoze bwino Cingelezi, Masamu ndi Sayansi, pamene iye Masamu anawataya kalekale. Wina wakhoza bwino lomwe koma akhala pakhomo, cifukwa sanamvepo za ngongole ya maphunzilo ya HELSB. Wina manja ake ndi aluso, koma palibe anamuchulila makoleji a TEVETA, kapena thandizo la CDF lolipilila sukulu zogonela komweko ndi maphunzilo a luso. Mwana wa bwana zimenezi amazimvela pathebulo la cakudya. Mwana wa mlimi ali ndi a Guidance okha.

Sindikana kuti alipo ahedi abwino. Ndaonapo wina akupalasa njinga kukacondelela makolo kuti mwana abwelele. Sindikananso kuti alipo aphungu amene amatipatsa manyazi, amene cinsinsi ca mwana cikalowa m'mawa, masana cili kale m'kamwa mwa aphunzitsi onse. Wotele ahedi amucotse paudindowo msanga, pakuti mwana mmodzi akaululidwa, enawo onse amatseka pakamwa.

Tsono inu musangong'ung'udza kuseli. M'gulu lanu muli mapulifekiti. Mumpingo mwanu muli makolo amene amakhala pa misonkhano ya PTA, muli akulu a mpingo amene ali m'makomiti oyendetsa masukulu. Atumeni, kapena pitani nao. Mukafunse ahedi mwaulemu kuti a Guidance ali ndi mapiliyodi angati pa sabata, ndi tsiku liti ndi ola liti limene mwana angawapeze ali okha. Mukafunse ngati cipindaco cili ndi citseko cotsekeka, ndiponso ngati mtsikana angapeze mphunzitsi wamkazi woti alankhule naye. Yankho mulilembe, ndipo temu ya mawa mukafunsenso.

Ngati mnzanu ali pangozi lelo lino, akumenyedwa kapena akukakamizidwa ukwati, musadikile msonkhano wa PTA. Imbani 116, nambala yothandiza ana. Ndi yaulele.