Bulauza yatsopano ikudya bandulo ngati anankafumbwe

Abale anzanga a mumsika, okushoni ya Chinkhoma ikangotsegulidwa, tonse kuno ku Kasungu timasanduka alimi a fodya, ngakhale ife ogulitsa kaunjika ndi usipa. Fodya wa bale amagulidwa pa madola, ndiye usanakaode katundu ku Lilongwe umayamba wasuzumira pa foni kuti mitengo ikuyenda bwanji ndipo dola ili pati. Amene anaoda mochedwa kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chimene ndikunena.

Koma khomo lolowera pa intaneti lija, ati bulauza, likumasintha lokha usiku. Yanga, sinditchula dzina, ndinadzuka m'mawa mabatani atasamuka, kutsogolo kwadzaza nkhani za mpira ndi mavidiyo odziyamba okha. Bandulo ya sabata yonse siinafike Lachitatu. Eti chitukuko!

Musathamangire kutukwana a netiweki. Kale Chrome inali ndi Lite mode yochepetsa data, koma a Google anaichotsa mu 2022, ndiye pano udzichingira wekha. Dinani timadontho titatu tapamwamba tija, lowani mu Settings, kenako Privacy and security, mupeze Preload pages. Kameneka kamatsegula masamba amene kakuganiza kuti muwafuna, inu musanapemphe, ngati mwana wokonda kutumidwa amene wakagula kale mchere ndi ndalama yanu. Kazimitseni.

Chachiwiri ndi chimene chikundiwawa kwambiri. Tsamba likafunsa kuti Allow kapena Block, ambiri timangodina Allow kuti lichoke pamaso. Basi mwatsegulira chitseko timauthenga tija toti mwawina galimoto, tumizani kaye kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Nyengo ya fodya akuba amadziwa kuti ku Santhe, Chamama ndi Nkhamenya kuli ndalama m'matumba. Pitani pa Site settings, pa Notifications, mutseke onse amene simukuwadziwa. Ndipo bulauza ikapempha kukusungirani pasiwedi ya kubanki, kanani. Foni imene imakagona potchajitsa ya K200, nkumabwerekedwanso ndi mlamu, si bokosi losungira makiyi.

Ena athawira ku Opera Mini, ndipo sindikuwanena. Iyi imayamba yapanikiza tsamba pa makompyuta a kampaniyo lisanafike kwa inu, ngati jeke yodindira belo, ndiye data imapita yochepa ndipo imatsegukabe kumene netiweki ili ya kadontho kamodzi. Koma mukaika pa Extreme, masamba ena ofuna kulembapo dzina ndi nambala amapindika, batani lotumizira osagwira. Zikatero tsitsani pa High kapena zimitsani kaye, mukamaliza mubwezere. Tsamba likabisa mbali ina ya mitengo, mu Chrome muli Desktop site, ngakhale zilembo zimachepa ngati nthanga za fodya.

Za kumasulira masamba m'Chichewa, zimene Google inayamba mu 2014, werengerani nkhani, koma pa kontirakiti ndi ngongole ya feteleza itanani munthu wodziwa Chingerezi.

Kuti isadzasinthenso muli mtulo, lowani mu Play Store, pa Auto-update apps, musankhe Wi-Fi yokha kapena mukaniretu. Ine yanga ndakaniratu mpaka belo lomaliza litatuluka ku Chinkhoma.