Yankho la mkonzi: Rangefinder yotchipa sinama, ndipo yodula sinalande caddie ntchito

Pali mawu amene afala pakati pa abale athu a ku Mamelodi amene amadyera pa gofu, aja amalawirira kukwera matekisi kutsika ndi msewu wa Solomon Mahlangu, kuwoloka N4, kukasaka ganyu yonyamula zikwama m'mabwalo a kum'mawa kwa Pretoria, dera la Silver Lakes, Woodhill ndi Wingate Park. Mawuwa ali pawiri. Akuti kachipangizo koyezera mtunda ndi laser, kamene pabwalo amangoti rangefinder, kakakhala kotchipa kamanama, ndiye wogula ka R2,000 waponya ndalama m'madzi. Akutinso kodula, ka Bushnell kopitirira R10,000, n'kolondola moti bwana amene ali nako safunanso caddie. Mapeto ake akuti mnyamata wa ku Mangochi kapena ku Mzimba asadzivutitse: kotchipa n'kabodza, kodula sangakakwanitse, ntchitoyi yatha, akafune ya m'dimba la maluwa.

Ife tikukana zonse ziwiri, ndipo tiyambira pa bodza limene akunamizira kachipangizo kotchipa, chifukwa ndi limene likuwonongetsa anthu ndalama.

Mukadina batani, kachipangizoka kamatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Kuwalako kukagunda mbendera kumabwerera, ndipo wotchi ya m'kati imawerenga nthawi imene ulendowo watenga. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi. Mbendera ikakhala pa mamita 150, kupita ndi kubwera ndi mamita 300, ulendo wotha m'kachigawo kamodzi mwa zigawo 1,000,000 za sekondi. Masamu amenewa sasintha ndi mtengo. Ka Mileseey kogula pa Takealot ndi ka Bushnell kogula m'sitolo ya pabwalo timawerenga chimodzimodzi, ndipo makampani onse awiri amalonjeza kuti sitiphonya kupitirira mita imodzi. Tsono funsani caddie aliyense kuti ndi bwana uti wa Loweruka m'mawa amene angaimitse mpira pasanathe mita imodzi kuchokera pamene wafuna. Ngakhale akatswiri a PGA Tour, akamenya kuchokera pa mamita 150, kawirikawiri mpira umakaima mamita angapo kutali ndi dzenje. Kulondola kumene munthu akulipira R8,000 yowonjezera n'kumene dzanja lake silingakugwiritse ntchito.

Nanga mbiri ya bodzayi ikuchokera kuti? Sitikunena kuti odandaulawo akupeka. Nambala yolakwika amaiwonadi, koma cholakwa chimakhala kwina.

Tizipangizo tambiri timachoka ku fakitale titatcheredwa m'mayadi, chifukwa msika waukulu wa gofu uli ku America. Mabwalo a ku South Africa amayeza m'mamita. Mayadi 150 ndi mamita 137 okha. Munthu akawerenga 150 pagalasi, n'kusankha ndodo imene amamenyera mamita 150, mpira ukatera mamita 13 kuseri kwa mbendera, m'chenga kapena m'tchire, ndipo atembenuka n'kutukwana kachipangizo. Kakalata kakang'ono ka Y kapena M kali pambali pa nambalayo, ndipo kusintha kwake n'kungodina batani kwa masekondi angapo. Anthu ambiri amene tawamva akudandaula sanakayang'anepo n'komwe.

Kwina n'kuyerekezera zinthu zosiyana. Zikhomo za 150 ndi 100 zimene zili m'mbali mwa fairway siziyeza kufika pa mbendera. M'mabwalo ambiri zimayeza kufika pakati pa green, kwina kufika kutsogolo kwake. Mbendera amaisuntha m'mawa ndi m'mawa, ndipo green ikhoza kutalika mamita 30. Kachipangizo kakanena 162 chikhomo chikunena 150, palibe wanama: mbendera lero ili kumbuyo. Ndipotu apa mpamene kachipangizo kali ndi phindu lake lenileni, chifukwa chikhomo sichidziwa kumene anyamata a m'bwalo akumba dzenje lero.

Chachitatu ndi chimene chili ndi kachoonadi, ndipo sitichibisa. Ndodo ya mbendera ndi yopyapyala. Ukaima patali, dzanja likunjenjemera, kuwala kumaphonya ndodoyo n'kukagunda mtengo wa kumbuyo, ndipo nambala imalumpha kuchoka pa 180 kufika pa 215. Apa kodula kamaposadi. Galasi lake n'lowala, kamagwira mbendera msanga, ena monga a Nikon ali ndi njira yoletsa chithunzi kugwedezeka, ndipo ambiri salowa madzi, chimene si chabe m'dera limene mvula ya mabingu imagwa masana kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Koma totchipa tambiri masiku ano tilinso ndi njira yosankha chinthu chapafupi n'kusiya cha kumbuyo, ndipo timanjenjemera m'manja tikagwira mbendera. Pasanapitirire mamita 180, pamene pamamenyedwa mipira yambiri yolunjika pa green, kusiyana kwake ndi sekondi imodzi kapena ziwiri zodikira. Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitsamire pachifuwa, yambani kuloza kumbuyo kenako mubwere pa mbendera, muyeze kawiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Choncho amene akufuna kugula asachite manyazi ndi ka mtengo wotsika. Aonetsetse kuti kamasintha kupita ku mamita, kamakuza chithunzi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo kamagwira mbendera. Afunse za batire: tambiri timagwiritsa ntchito CR2, imene simungaipeze pa spaza ya pakona, pamene tina timatchajidwa ndi chingwe ngati foni. Asunge risiti. Lamulo loteteza ogula la dziko lino la South Africa, Consumer Protection Act la 2008, limapereka miyezi 6 yobweza katundu wowonongeka kuti akonzedwe, asinthidwe kapena ndalama zibwezedwe, ndipo silifunsa ngati wogulayo ndi mbadwa kapena mlendo. Kogula m'manja mwa munthu pa siteshoni kalibe chitetezo chimenechi, ngakhale katalembedwa dzina lalikulu bwanji.

Pali chinthu chimodzi chimene tikufuna ma caddie achimvetse kuposa mabwana awo. Kuyambira pa 1 Januwale 2019, malamulo a gofu a R&A ndi USGA amalola kuyeza mtunda ndi kachipangizo, pokhapokha komiti ya mpikisano italetsa. Kale, kuyambira 2006, zinkatheka pokhapokha bwalo litaloleza mwapadera. Koma lamulo 4.3, lomwe limalola zimenezi, limaletsa kuyeza kukwera kapena kutsetsereka kwa malo. Tizipangizo tambiri, totchipa tomwe, tili ndi slope, imene imakuuza kuti mamita 140 okwera chitunda amenyedwe ngati 149. Pa masewera ocheza palibe amene angakufunseni. Pa mpikisano, kugwiritsa ntchito slope koyamba ndi chilango cha mashoti awiri owonjezera pa khadi, kachiwiri n'kuchotsedwa. Ndipo malamulo amati cholakwa cha caddie ndi cholakwa cha wosewera. Caddie amene wagula kachipangizo kopanda pozimitsira slope, n'kumuwerengera bwana nambala pa mpikisano wa kalabu, sadzanyamulanso chikwama chimenecho. Gulani kokhala ndi switchi yooneka kunja, kapena kopanda slope n'komwe, kamene kamakhalanso kotchipirapo.

Tsopano ku mbali yachiwiri, yakuti kodula kalowa m'malo mwa munthu. Amene akunena izi akuganiza kuti ntchito ya caddie inali kutchula nambala. Ikanakhala imeneyo, bwenzi itatha kalekale, tsiku limene anakhoma zikhomo m'mbali mwa fairway.

Sikelo ya pamsika imakuuza kuti nyama ndi kilogalamu imodzi, koma sikuuza ngati yagona. Kachipangizo kamati 150 n'kukhala chete. Sikadziwa kuti Pretoria ili pamtunda wopitirira mamita 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo mpira umauluka patali kuposa ku Durban, moti mlendo wochokera kugombe akakhulupirira ndodo yake ya masiku onse adzadutsa green iliyonse. Sikadziwa kuti mu Julaye udzu wa kikuyu umauma, nthaka n'kulimba, mpira n'kumagudubuzika mamita ambiri ukatera, pamene mu Januwale kikuyu yemweyo, wobiriwira ndi wothithikana, amaumeza mpira pomwe wagwera n'kukola ndodo. Sikaona kuti nsonga za mitengo zikuweramira kwina pamene mbendera ili zii. Koposa zonse, sikamudziwa bwana. Caddie amene wayenda naye mabowo anayi wadziwa kale kuti mkuluyu akati amamenya 7-iron mamita 150 akunena za tsiku limodzi labwino la chaka chatha, ndipo amamupatsa 6-iron mwakachetechete. Pa green, pamene pamathera pafupifupi mashoti awiri mwa asanu aliwonse a wosewera wamba, laser ilibe mawu.

Tayang'anani kumene kuli ndalama zenizeni. PGA Championship inayamba kulola tizipangizoti mu 2021, ku Kiawah Island. Palibe katswiri ngakhale mmodzi amene anasiya caddie wake kunyumba. Ma caddie a akatswiri akhala akugwiritsa ntchito laser kwa zaka zambiri pa masiku oyeserera, n'kumalemba manambala m'timabuku tawo. Kwa iwo ndi chida cha ntchito. Zack Rasego, caddie wa ku Soweto, ananyamulira Louis Oosthuizen pamene anapambana The Open ku St Andrews mu 2010, kusiya wachiwiri ndi mashoti 7. Mu 2017 Rasego yemweyo anali pambali pa Branden Grace ku Royal Birkdale pamene Grace anamenya 62, munthu woyamba kutero m'mipikisano inayi ikuluikulu ya amuna. Osewera amenewa akanatha kugula tizipangizo todzaza galimoto. Ankalipira munthu.

Tisaiwalenso kumene ntchito imeneyi yafikitsa anthu akuda ndi amwenye m'dziko lino pa nthawi imene chipata cha kalabu chinali chotseka. Papwa Sewgolum anaphunzira gofu akunyamula zikwama ku Durban, n'kukapambana Dutch Open mu 1959, 1960 ndi 1964, ndipo mu 1965 anagonjetsa Gary Player pa Natal Open. Vincent Tshabalala, amenenso anayamba ngati caddie, anatenga French Open mu 1976. Amene akuuza achinyamata a ku Mamelodi kuti asiye chikwama chifukwa cha kagalasi ka batire akuwatsekera khomo limene ena analowera.

Izi sizikutanthauza kuti ntchito ya caddie ili pabwino. Ili pa mavuto ndithu, koma wolanda ntchitoyo ali ndi matayala anayi. Ngolo ya batire imanyamula zikwama ziwiri ndi anthu awiri, zina zili ndi sikirini ya GPS yoonetsa bowo lonse, ndipo ndalama ya lendi yake imalowa m'thumba la kalabu, pamene ya caddie imapita m'thumba la caddie. Palibe chifukwa chofunsa kuti kalabu ikonda chiti. Onjezanipo tingolo tokankha ndi manja, ndiponso mchitidwe wa m'mabwalo ambiri woona caddie ngati waganyu wodziimira payekha, wolipidwa akanyamula basi, wobwerera ku Mamelodi chimanjamanja tsiku limene kwagwa mvula kapena osewera achepa, atalipira kale tekisi. Nkhani zoyenera kukwiyira ndi zimenezi. Mbiri ya rangefinder ikungosocheretsa mkwiyo, kuuchotsa pa malipiro ndi mgwirizano wa ntchito n'kuupititsa pa kachitsulo.

Ndiye titani ndi ngoloyo? Mwa zina, caddie azipereka zimene ngolo singapereke, komanso asalole kuti ngolo imupose pa zimene imapereka. Apa mpamene kachipangizo kotchipa kamasanduka bwenzi. Caddie amene watulutsa kake m'thumba, n'kunena kuti mbendera ili pa 146, kuwoloka mchenga n'kofunika 131, mphepo ikuchokera kumanzere, bwana tengani 8-iron mumenyere kumanja kwa mbendera, wapereka nambala yolondola kuposa ya GPS, imene kawirikawiri imayeza pakati pa green, n'kuwonjezera nzeru imene sikirini ilibe. Woteroyo osewera amamufunsa ndi dzina. Kwa watsopano, amene sanaloweze bwalo, kachipangizoka kamafupikitsa miyezi yophunzira: tsiku lopanda ganyu akhoza kupempha chilolezo, kuyenda mabowo onse 18, kuyeza kuchokera pa mtengo uliwonse wodziwika kufika pa madzi ndi pa mchenga, n'kulemba m'kope. Kopelo ndi lake, ndipo luso lolipanga adzabwerera nalo ku Lilongwe Golf Club kapena ku Blantyre Sports Club tsiku limene za ku Joni zidzakwana.

R2,000 si ndalama yochepa kwa munthu wolipira lendi ya chipinda ku Mamelodi East ndi kutumiza ina kumudzi mwezi ndi mwezi. Sitikuuza aliyense kuti akatenge katapira chifukwa cha kachipangizo. Amene wakhala pabwalo limodzi zaka khumi, manambala ali kale m'mutu mwake, akhoza kukhala osagula. Anyamata awiri kapena atatu amene sanyamula tsiku limodzi akhoza kusonkherana n'kugula kamodzi. Koma amene waganiza zogula apite nako kaye pa bowo la par 3 limene mtunda wake akuudziwa, akayeze katatu m'mamita slope itazimitsidwa, ndipo manambala atatuwo akasiyana kupitirira mita imodzi kapena iwiri, akabweze ku sitolo miyezi 6 isanathe.