ANAMWINO A KU MIGODI APATSIDWE MAPHUNZIRO ENA A ZILONDA

Ali yense amene adakhalapo m'makomboni a ku Bindura adziwa kuti ngozi ya pa mgodi iri ndi masiku awiri. Tsiku loyamba ndilo limene mwala ugwa. Pamenepo anthu athamanga, galimoto la odwala lilira, ndipo nyuzi zilemba. Tsiku laciwiri lidza patapita miyezi, pamene wobvulalayo wabwerera ku nyumba ndi cilonda cokana kupola. Za tsiku limeneli palibe amene alemba, koma ndilo limatha ndalama za banja, ndipo kawirikawiri limatha ndi mwini cilonda yemwe.

Bindura, mtunda wa mailosi 55 kucokera ku Harare, ndi mzinda wa migodi ciyambire. Kale unkachedwa Kimberley Reefs, dzina la mgodi wa golide, ndipo dzina la Bindura lidadza mu 1913 pofika njanji. Anthu a ku Malawi, a ku Tete ndi a kum'mawa kwa Zambia adatsikira kumeneko, ena pa mapazi, ena pa malole a Ulere, ndipo zidzukulu zao zikali komweko. Mgodi wa Trojan udadyetsa mabanja ambiri kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo wa Freda Rebecca udayamba kuturutsa golide mu 1988. Pambali pa migodi yaikuru pali anyamata ochedwa makorokoza, amene akumba m'maenje akale popanda cipewa kapena nsapato. Mu November 2020 dziko lonse lidamva dzina limeneli, pamene dzenje la ku Ran Mine lidagumukira anthu makumi angapo, naturuka amoyo owerengeka okha. Anyamata otere akabvulala alibe kiliniki ya kampani. Apita ku cipatala ca Boma monga wina ali yense.

Tsono funso nali: kodi namwino amene alandira anthu amenewa adaphunzira liti komaliza za kasamalidwe ka zilonda? Namwino aphunzira zaka zitatu, nalandira setifiketi, ndipo nkutheka kugwira nchito zaka makumi awiri akucita zimene adaona kwa sisitala wace wa pa sukulu. Uku si kulakwa kwace. Koma nzeru ya zilonda yasintha kwambiri.

Makolo athu, ndi madokotala omwe, ankakhulupira kuti cilonda cipola cikauma ndi kucita nkhanambo. Mu 1962 Dr. George Winter wa ku Britain adaonetsa, poyesa pa khungu la nkhumba, kuti bala lophimbidwa ndi kusungidwa lacinyezi lipola msanga koposa lamphepo. Mankhwala ochedwa Eusol, amene adakonzedwa ku Edinburgh mu 1915 ndipo adatsuka zilonda m'zipatala zathu zaka zambiri, adapezeka pambuyo pace kuti apha tizirombo koma apwetekanso mnofu watsopano umene uli kumera. Cotero namwino wakhama, wotsuka cilonda m'mawa ndi madzulo, nkumatula bandeji youma mpaka mwazi uturuke, angathe kucedwetsa cimene afuna kufulumiza. Wodwala naye amuyamika, poganiza kuti kuwawa ndiko mphamvu ya mankhwala.

Nkhani yowawa koposa ndi ya munthu wothyoka msana. Mwala ukagwera munthu pa msana miyendo imafa, ndipo sakumvanso kanthu m'munsimo. Akagona mbali imodzi maola ambiri, pfupa lipsinja khungu pa mphasa, mwazi uleka kuyenda, ndipo mnofu ubvunda kuyambira m'kati. Kunja kumaoneka kabanga kokha, ndipo pa khungu lakuda sikafiira monga anenera mabuku olembedwa ku Ulaya. Kamangoderapo, kutentha kapena kulimba. Namwino amene sadauzidwe zimenezi aona mocedwa, dzenje litatseguka. Dr. Ludwig Guttmann, amene adatsegula cigawo ca othyoka msana ku Stoke Mandeville mu 1944, adapeza kuti anthu otere ankafa ndi zilonda ndiponso matenda a m'cikhodzodzo. Mankhwala ace akuru adali kutembenuza wodwala maola awiri ali onse, usiku ndi usana. Izi sizifuna makina. Zifuna manja, koloko, ndi munthu wodziwa cifukwa cace.

Palinso ena amene komboni siwachula, pakuti nkhani yao ndi yamanyazi. Munthu akalasidwa pamimba, kapena matumbo akapotana, kapena akabooka ndi taifodi, kapena pakakhala khansa, dokotala nthawi zina aturutsira thumbo pa khungu la mimba kuti cimbudzi cidzere pamenepo. Khomo limeneli Azungu alicha stoma. Opareshoniyo ipulumutsa moyo, koma moyo wace ukhala wotani? Mu 1954 namwino wa ku Denmark, Mai Elise Sørensen, adaganiza za thumba lomata pa khungu cifukwa mbale wace Thora ankaopa kuturuka m'nyumba. Mu 1958 Mai Norma Gill a ku America, amene iwo eni adali ndi stoma, adayamba nchito yophunzitsa odwala anzao ku Cleveland pamodzi ndi Dr. Rupert Turnbull, ndipo mu 1961 adatsegula sukulu yace. Zimene aphunzitsa kumeneko nzazing'ono pozimva: kusankha malo opareshoni isanacitike, kuti khomo lisagwere pa lamba kapena m'khwinya, kudula boo la thumba molingana, pakuti likakula zoturukazo ziocha khungu, kuyesanso pakapita masabata angapo, popeza stoma iphwa, kumwetsa madzi ndi mcere amene ataya zamadzimadzi. Munthu wophunzitsidwa izi abwerera ku nchito ndi ku chalichi. Wosaphunzitsidwa amanga nsanza ndi pepala la buledi, nadzitsekera m'nyumba cifukwa ca pfungo.

Ena adzati maphunziro otere ndi a maiko olemera, kumene bandeji imodzi igulidwa ndi malipiro a sabata. Awa amve za Bambo Moses Murandu, namwino wa ku Zimbabwe konkuno, amene ali mwana adaona atate ao akuthira shuga pa bala. Atapita kukaphunzitsa ku Wolverhampton adaiyesa nzeruyi m'zipatala mwa dongosolo, ndipo mu 2018 adalandira nayo mphotho. Shuga ikoka madzi m'cilonda, tizirombo nkulephera kuswana. Pano pafunika cenjezo: uku sikuti munthu azitapa shuga wa tiyi nkuthira pa cilonda ciri conse, makamaka pa phazi la wodwala matenda a shuga, limene lifuna dokotala msanga. Nkhani ya a Murandu ionetsa kuti cinthu cochipa cisanduka mankhwala pamene ciri m'manja mwa wophunzira.

Mau ena otsutsa ndi olemera koposa. Akuti ukaphunzitsa namwino, waphunzitsira Britain. Nzoona kuti anamwino zikwi adacoka m'Zimbabwe, kotero kuti mu 2023 bungwe la World Health Organization lidaika dzikoli pa mndandanda wa maiko osowa anchito a zaumoyo. Koma namwino sathawa cifukwa waphunzira kudula thumba la stoma. Athawa cifukwa malipiro satha mwezi. Kumana maphunziro amene atsala ndiko kulanga odwala pa mlandu umene sadapalamule.

Lamulo liripo kale. Bungwe la Nurses Council of Zimbabwe lifuna kuti namwino aonetse maphunziro oonjezera asanalandire cilolezo ca caka catsopano. Bvuto ndi lakuti maphunziro ambiri atsata matenda amene ali ndi ndalama za maiko akunja, ndipo cilonda ciribe mwini. Apa eni migodi ndiwo ayenera kulowapo. Kampani yogula zipewa ndi nsapato ingathe kulipiranso anamwino awiri kapena atatu kuti akaphunzire za zilonda ndi stoma, ndi kubwera kudzaphunzitsa anzao ku Bindura komweko, pa wodi, pa cilonda ceniceni, osati m'hotela ya ku Harare. Bungwe la NSSA, limene lilandira zopereka za ngozi za pa nchito ndipo liri ndi malo olimbitsira obvulala ku Bulawayo, lingapindule nalo, pakuti cilonda ca pa msana cikatseguka cidya ndalama zambiri koposa maphunziro.

Ndipo maphunzirowo asathere pa namwino. Amene atembenuza wodwala pakati pa usiku ndi mkazi wace kapena mai ace. Mabungwe a anchito, pokambirana za malipiro, aikepo ndi ici: wobvulala asaturutsidwe m'cipatala womsamalira asanaphunzitsidwe, ndipo namwino akamuone ku nyumba mwezi woyamba usanathe.