Kusanja maimelo pogwiritsa ntchito AI

Kusanja maimelo pogwiritsa ntchito AI ndi njira imene pulogalamu ya kompyuta imaunika uthenga uliwonse ukangofika n'kusankha yokha pouika: pamwamba, m'gulu la zamalonda, kapena m'bokosi la mauthenga osafunika lotchedwa spam. Pulogalamuyi imaphunzira kuchokera ku maimelo mamiliyoni ambiri, komanso ku khalidwe la mwini wake: maimelo amene amatsegula, amene amayankha, ndi amene amafufuta asanawerenge n'komwe.

Mbiri

Zinayamba ndi vuto la spam. Mu 2002, katswiri wa mapulogalamu Paul Graham analemba nkhani yakuti A Plan for Spam, momwe anasonyeza kuti kompyuta ingathe kuzindikira uthenga wosafunika powerengera mawu amene amapezekapezeka m'mauthenga otere. Kampani ya Google inakhazikitsa Gmail mu 2004. Mu 2010 inawonjezera Priority Inbox, yoika patsogolo maimelo ooneka ofunika, ndipo mu 2013 inagawa bokosi m'magulu monga Primary, Social ndi Promotions. Microsoft ili ndi Focused Inbox mu Outlook, pamene Apple inayamba kugawa maimelo m'magulu pa iPhone mu December 2024.

Mikangano

Kuti pulogalamu isanje uthenga, iyenera kuuwerenga kaye. Kwa zaka zambiri Google inkagwiritsanso ntchito zolembedwa m'maimelo posankha malonda oonetsa munthu, mpaka mu 2017 pamene inalengeza kuti ikusiya. Kuunika pofuna kusanja kokha kunapitirira.

Mkangano waukulu unabuka pa ndale za ku United States. Mu 2022, ofufuza a ku North Carolina State University anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa maimelo a kampeni ya zisankho za 2020. Anapeza kuti Gmail inkaponya ku spam maimelo ambiri a ofuna mipando a chipani cha Republican kuposa a Democratic, pamene Outlook ndi Yahoo zinkapendekera mbali inayo. Anaonanso kuti pa Gmail kusiyanaku kunkachepa mwini bokosi akayamba kutsegula maimelowo ndi kuwachotsa ku spam. Mu October chaka chomwecho, Republican National Committee inasumira Google ku khoti la ku California, ponena kuti maimelo ake opempha thandizo la ndalama ankaponyedwa dala ku spam kumapeto kwa mwezi uliwonse, nthawi imene chipani chimadalira kwambiri zopereka. Google inakana, ndipo mu August 2023 woweruza anathetsa mlanduwo.

Ngakhale mlanduwo unagwa, unaonetsa poyera kufooka kwa njirayi. Google imanena kuti imatchinga spam yoposa 99.9 peresenti, koma chiwerengerochi sichikhudza maimelo abwino amene amatayidwa molakwika. Uthenga wachabechabe ukalowa m'bokosi lenileni, mwini wake amauona n'kuufufuta. Kalata yoitanira munthu ku mayeso a ntchito kapena yankho lochokera ku yunivesite ikagwera ku spam, palibe chimene chimamudziwitsa, ndipo wotumizayo amangoganiza kuti yafika. Pulogalamu nayonso singaphunzire kuti inalakwitsa pokhapokha munthu atsegule bokosilo n'kubwezeretsa kalatayo, zimene ambiri sachita kawirikawiri. Pa Gmail, uthenga umene wakhala ku spam masiku 30 umafufutika wokha.